Kodi "siwa" ndi manda kapena ndi nyumba?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. M'nkhani zazifupi zokamba za imfa mumapezeka mawu akuti "anthu anagona pasiwa". Ena akuti siwa ndi manda, ena akuti ndi nyumba. Zoona n'ziti? Nanga mwambi uja woti "maliro n'kulirana" ukukhudzana bwanji ndi mawuwa?

Mphunzitsi wa Chichewa: Siwa si manda ayi, achimwene. Ndi nyumba ya malemu, yomwe mwini wake waisiya. Tsinde lake ndi "kusiya", ngati mmene zilili ndi mawu akuti "wamasiye". Choncho pasiwa ndi pakhomo pomwe pagwa zovuta. Amayi amachezera m'nyumba pafupi ndi thupi, abambo panja pamoto, nyimbo zili pakamwa mpaka mbandakucha. Pamsewu amayala masamba a mitengo kuti odutsa adziwe: wanjinga atsike, wachipewa avule. Kale m'midzi ya Achewa nyumba yotere ankaigwetsa mwambo ukatha.

Mkonzi wa nkhani: Ndiwonjezereko pa zomwe anena aphunzitsiwa, chifukwa apa ndi pomwe alembi achinyamata amapunthwa. Amalemba kuti "anakaika thupi pasiwa", pamene thupi limachoka pasiwa kupita kumanda. Chinanso ndi mawu akuti adzukulu. Pamaliro, adzukulu si ana a ana a malemu, koma anthu okumba manda ndi kuika thupi, ndipo sakhala anamfedwa. Mlembi akapatsa khasu mwana wa malemu kuti akumbe manda a bambo ake, wowerenga wakumudzi amaika buku pansi. Zimandipweteka, chifukwa nkhani yabwino imafera pa mawu amodzi.

Komanso mwambo wa pasiwa sutha tsiku loika. Pamakhala kusesa, kumeta, kenaka kusudzula wamasiye. Chisoni chenicheni cha nkhani chili pamenepo, khamu litabalalika, phulusa la moto wa abambo likadali pabwalo, mkazi akuyang'ana mpando wopanda mwini.

Gogo wa ku Dedza: Za mwambiwo, mwanawe, mvetsera "-ana" ali kumapetoyo. Kulirana ndi kubwezerana. Wabwera ndi ufa, nkhuni kapena chipepeso pasiwa ya mnzako lero, mawa iyenso adzagona panja kwanu. Munthu wosayenda m'maliro amamuona, ndipo tsiku lake likafika adzukulu amatha kunyanyala mpaka abale ake atapepesa kwa amfumu.

Wofunsa: Zikomo agogo. Ndiye mwambiwu m'nkhani auyankhule ndani?

Mkonzi wa nkhani: Upatseni mfumu kapena mkulu wa adzukulu, podzudzula munthu wothawa maliro. M'kamwa mwa namfedwa umamveka ngati akulipiritsa anthu odzamutonthoza.