Zidindo za kunsi kwa mbale zakalezi zikunena chiyani?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi mbale zadothi zitatu zakale. Yoyamba ndi yamaluwa abuluu, kunsi kwake adalemba "Wedgwood & Co, England" ndi "Rd No" kenako manambala asanu ndi limodzi oyamba ndi 35. Yachiwiri ilibe dzina la dziko, ili ndi kachizindikiro kooneka ngati dayamondi, pamwamba pake pali IV, pangodya pali zilembo. Yachitatu ili ndi zilembo za Chitchaina zisanu ndi chimodzi zofiira. Zidachokera kuti, ndipo nzazaka zingati?

Woyankha woyamba: Mayi, tiyambe ndi yoyambayo. Dzina lisakunyengeni. "Wedgwood & Co" si fakitale yotchuka ya Josiah Wedgwood ija ayi. Inali kampani ina ya ku Tunstall, m'dera lomwelo la Stoke-on-Trent ku England. Mbale za Josiah zimangoti WEDGWOOD, popanda "& Co". Anthu ambiri amagwa pamenepa.

Mawu akuti "England" akukuuzani kuti mbaleyo siyakale kuposa 1891. Chaka chimenecho America idayamba kufuna kuti katundu wolowa m'dzikomo azilembedwa dziko lochokera, potsatira lamulo la McKinley la 1890, ndipo mafakitale ambiri adangoyamba kulemba pambale zawo zonse. Akadalemba "Made in England", tikadanena za m'ma 1900 ndithu, makamaka kuyambira cha m'ma 1920.

"Rd No" ndi nambala yolembetsera maonekedwe a mbale kuboma la Britain. Manambalawa adayamba pa 1 mu 1884, ndipo pofika kumayambiriro kwa 1900 anali atadutsa 350,000 pang'ono. Yanuyo ndiye ili pafupi ndi 1900. Koma mvetsani: chimenechi ndi chaka chomwe adalembetsa maluwawo kapena kaumbidwe kake, osati chomwe adaotcha mbale yanuyo. Maluwa akagulidwa bwino, fakitale inkawadindabe zaka makumi angapo. Chidindo chimangoti "isanafike nthawi yakuti, mbale iyi kunalibe."

Woyankha wachiwiri: Yachiwiriyo ndi imene yandikoka mtima. Dayamondiyo ndi ya ku Britain, inkagwira ntchito kuyambira 1842 mpaka 1883, "Rd No" isanabwere. IV ndi gulu la katundu, kutanthauza zadothi. Tsopano yang'anani ngodya yapamwamba, mmunsi mwa IV. Mukapeza chilembo, ndiye 1842 mpaka 1867, ndipo chilembocho ndicho chaka. Mukapeza nambala, ndiye 1868 mpaka 1883. Nambalayo ndi tsiku la mwezi, ndipo chilembo cha chaka chidasamukira kungodya ya kumanja. Zilembozi sizitsata ndondomeko ya A, B, C, musawerenge ndi zala.

Wofunsa: Zikomo bambo. Pamwamba pakuoneka ngati Z, koma mwina ndi 2. Nzofufutika.

Woyankha wachiwiri: Kusiyana kwake nkwakukulu: Z pamwamba ndi 1860, pamene 2 akutiponyera ku dongosolo lachiwiri lija. Chitani izi. Tsukani kunsiko ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, pukutani. Zimitsani magetsi, muunike ndi tochi kuchokera m'mbali, kuwala kukhale ngati kukukwawa pambale. Ngati chidindo chili chodinda m'dothi, mthunzi uonetsa mizere yake. Mungathenso kuika pepala lopyapyala nkupaka pensulo yofewa mopepuka. Kenako onani ngodya ya kumanja: m'dongosolo loyamba pamakhala nambala ya tsiku, m'lachiwiri pamakhala chilembo. Ngodya ziwirizi zikagwirizana, mwapeza yankho.

Chonde musaviike mu mankhwala oyeretsera zovala. Amalowa m'ming'alu ya kagalasi kokuta mbale, akauma amasanduka timchere tomwe timatukumula kagalasiko mpaka kusupuka.

Woyankha wachitatu: Za yachitatuyo, musathamangire kusangalala. Zilembo zisanu ndi chimodzizo kawirikawiri zimatchula ufumu ndi mfumu, monga Kangxi wa 1662 mpaka 1722, kapena Qianlong wa 1736 mpaka 1795. Koma oumba a ku China akhala akubwereza maina amenewa pambale zatsopano kwa zaka mazana, ena polemekeza akale, ena pofuna malonda. Chidindo chofiira chomwe mizere yake ili yofanana kunenepa, inki itasefukira m'mbali ngati chidindo cha muofesi, nthawi zambiri ndi cha m'ma 1900. Cholembedwa ndi bulashi chimaonetsa pomwe dzanja lidatsindika ndi pomwe lidapepuka.

Mbale yeniyeniyo ifunseni. Ikwezeni pa kuwala: porcelain (dothi loyera lolimba lootchedwa pamoto waukulu) imadutsitsa kuwala, zala zanu zimaoneka ngati mthunzi kuseri, pamene dothi wamba silidutsitsa. Pitirizani chikhadabo pa chidindo: chikamveka chotumphuka, adachiika pamwamba pa kagalasi, ndipo chotere munthu angathe kuwonjezera pambuyo pake. Onaninso mphete yomwe mbale imakhalira. Kuperepeseka kwa zaka kumakhala kosalala, kosafanana mbali zonse. Kwa sandipepa kumasiya mizere yolunjika kumodzi.

Woyankha woyamba: Ndiwonjezere chimodzi, mayi. Mbale yamitundu yofiira, yachikasu kapena yagolide yopakidwa pamwamba pa kagalasi musadyeremo, makamaka zakudya zowawasa, chifukwa utoto wakale wotere umatha kukhala ndi mtovu. Tumizani zithunzi zitatu pa mbale iliyonse: kumaso, kunsi konse, ndi chidindo chapafupi rula ili pambali. Yambani ndi ya dayamondi ija.