Ndakakamira pa filimu ya nambala 9, kodi ndidumphe?

Mphwake wa Shoo, Chilenje:
Abale, ndithandizeni maganizo. Amalume anga asanatisiye anandipatsa kope la sukulu momwe analembamo mafilimu 40 oti ndidzaonere. Kale iwowo ankaonetsa vidiyo ku Matero, m'kachipinda ka mabenchi, ana akulipira pakhomo. Ndinalonjeza kuti ndidzatsata mndandanda wake osadumpha.

Poyamba zinkatsetsereka ngati nsima ya therere. Enter the Dragon ya 1973 ndinaibwereza kawiri, ndipo zinandikhudza kumva kuti Bruce Lee anamwalira filimuyo isanatuluke. Sarafina! ndinaonera ndi amayi, iwo misozi chuchuchu ngati maliro ndi apabanja pathu. Tsono nambala 9 ndi Seven Samurai ya ku Japan, ya 1954. Ndi yakuda ndi yoyera, imatha maola atatu ndi theka, ndiponso uzichita kuwerenga mawu pansi. Ndayesa katatu. Koyamba magetsi anathima alimi a m'filimumo akadali m'tauni kufunafuna ankhondo owateteza. Kachiwiri ndinadzidzimuka m'bandakucha ndili pampando. Kachitatu batire ya laputopu inatha. Ndidumphe, kapena amalume akwiya kumene aliko?

Mdala wa ku Kabwata:
Mwana wanga, usadumphe. Vuto lako ukuiyamba usiku utakhuta. Filimuyo ili ndi popumira pakati, Kurosawa mwiniwake, amene anaikonza, ndiye anaikapo, choncho uigawe pawiri: Loweruka masana ndi Lamlungu ukachoka kutchalitchi. Ndipo leka kudikira malupanga. Uyang'ane alimiwo. Alibe ndalama yolipira ankhondo, malipiro ndi chakudya basi, ndiye alendo akudya mpunga eni mudzi akudya mawere. Ine ndinakulira ku Katete, ndikudziwa kuphera mlendo nkhuku ana akunyambita zala ndi nkhwani. Pamenepo m'pamene filimuyo inandigwira. Nkhondo yomaliza ya m'mvula ndi m'matope idzakubwezera tulo tako tonse. Uonenso nambala 10, ndikukayika ngati amalume ako sanalembepo The Magnificent Seven ya 1960, chifukwa nkhani yake anaitenga pomwepo, kungoti anaiveka zipewa za makauboyi.

NaPhiri wa ku Chelstone:
Pepani adala, ine ndikuti adumphe. Kope si pangano la ukwati. Ikadzakusangalatsani mudzaibwerera. Koma achimwene, pa mafilimu 40 onsewo pali ya kwathu ngakhale imodzi? Onjezeranipo I Am Not a Witch ya 2017. Anaikonza ndi Rungano Nyoni, wobadwira muno mu Lusaka, ndipo inapata mphoto ya mafilimu ya ku Britain yotchedwa BAFTA mu 2018. Chinyanja chathu chomwechi chimamveka m'menemo, maso amapumako kuwerenga.

Kaponya77:
Maola atatu ndi theka? Ndi malaiti a masiku anowa mudzaimaliza mwana wanu ali giredi 7.

Mphwake wa Shoo, Chilenje:
Adala, ndatsegula kope lija, nambala 10 ndi yomweyo! Pambali pake amalume analemba ndi bolopeni yofiira kuti "yamba ndi 9". Ndaseka ndekha ngati wamisala. Achemwali NaPhiri, yanuyo ndailemba pa nambala 41, ya kwathu munalibedi. Loweruka ndikatchajiratu laputopu kwa aneba a sola, nsima ndidzadya ndikafika popumira paja.