Baji ya kadzidzi yomwe ndinagula si imene ndinaona pa chithunzi

Nachisale analemba:

Moni nonse. Ndakhala ndikusonkhanitsa mabaji a enamel (achitsulo othiridwa utoto wolimba) kwa zaka ziwiri tsopano, makamaka a mbalame. Ndili nawo 23 ndipo ndimawabaya pa kabolodi kamene ndinapachika pafupi ndi bedi. Yoyamba anandipatsa ndi mng'ono wanga, ena onsewo ndinagula ndekha pa intaneti, ndipo mpaka mwezi watha ndinali ndisanakumanepo ndi vuto.

Panali baji ya kadzidzi yomwe inkandisowetsa tulo. Wojambula wake anangopanga ochepa, ndipo anatha ndisanapeze ndalama. Ndiye munthu wina m'gulu la osonkhanitsa mabaji analemba kuti akugulitsa yake, pa mtengo wotsika kuposa mmene inkagulitsidwira ili yatsopano. Pa chithunzipo inali yokongola zedi, nthenga zabuluu woderako, maso agolide. Anandiuza kuti pali anthu ena atatu amene akuifuna, choncho ndilipire msanga. Mtima unathamanga, ndinalipira.

Tsiku lomwe inafika, nditangotsegula manja anafooka. Utoto wa diso lakumanzere unasefukira pa mzere wachitsulo, pa phiko pali kadzenje ngati wina anabaya ndi singano, ndipo golide wake ndi wotuwa. Kumbuyo kuli kamsomali kamodzi kokha, kopindika, dzina la wojambula palibe. Wogulitsayo nditamulembera anandiyankha kamodzi, kenako zii.

Ndalamazo zandiwawa, koma chimene chikundipweteka koposa n'choti mwina ndalemeretsa munthu woba ntchito ya wojambula amene ndimamukonda. Anzanga amene munayamba kale, mumaidziwa bwanji baji yeniyeni musanalipire?

aJere analemba:

Pepani kwambiri aNachisale. Inenso zoterezi zinandionekerapo ndikungoyamba kumene, ndipo kuyambira pamenepo sindigula baji ndisanaone kumbuyo kwake. Kumaso aliyense angathe kutenga chithunzi cha mwini wake n'kuchiika ngati chake. Kumbuyo n'kumene wakuba amavutika nako. Ojambula ambiri amadinditsa dzina kapena chizindikiro chawo pa chitsulopo, ena amaikanso chaka, ndipo ngati anapanga ochepa nthawi zina pamakhala nambala, monga 14/100. Baji yaikulu kapena yotambalala kawirikawiri imakhala ndi timisomali tiwiri kuti isamazungulire pa malaya.

Ndiye ine ndimauza wogulitsa kuti alembe dzina lake ndi deti la tsikulo pa kapepala, aike bajiyo pambali pake, ajambule kumaso ndi kumbuyo. Amene ali nayodi m'manja sachedwa. Amene wayamba kuti kamera yawonongeka, kapena kuti katundu ali kwa m'bale wake, musiyeni. Chithunzi chimene waika poyambacho chifufuzeninso pa Google Lens, chida chofufuzira zithunzi pa intaneti. Mukachipeza pa masamba ena chili chimodzimodzi, mthunzi womwewo, nsalu yapansi yomweyo, dziwani kuti si iye anajambula.

Muyeneranso kudziwa mtundu wa baji imene mukufunayo. Ya hard enamel amaipala mpaka utoto ndi mizere yachitsulo zifanane, moti mukayendetsa chala imakhala yosalala ngati galasi. Ya soft enamel utoto umakhala wolowa pansi ndipo mizere mumaimva ndi chala. Onse ndi abwino, ndili nawo amitundu yonse iwiri. Koma ngati wojambula anatulutsa kadzidziyo ngati hard enamel, inu n'kulandira ya makwinya, nkhani yatha pomwepo.

Vutoli si la lero. Chiyambireni kusinthanitsa mabaji ku malo achisangalalo a Walt Disney World ku America mu 1999, osonkhanitsa akhala akulimbana ndi amene amawatcha ma scrapper, kutanthauza mabaji abodza kapena amene fakitale inayenera kutaya koma anatuluka mozemba. Zizindikiro zake ndi zomwe mwatchulazo: timaenje pa utoto, mitundu yosuluka, m'mphepete mokakala.

Nangozo analemba:

Achemwali, ine ndimajambula ndi kugulitsa mabaji anga, ndiye ndiwonjezereko mbali imene ogula sakonda kuiona. Ambirife sitisula tokha. Timatumiza chojambula ku fakitale, ndipo mafakitale ambiri a ntchitoyi ali ku China. Kumeneko amasema chikombole, n'kudinda kapena kuumba chitsulocho, kuchikuta ndi golide kapena nickel, komanso kuthira utoto m'timipata timodzitimodzi. Katundu akafika ndimakhala pa tebulo ndi nyale, n'kumayang'ana imodziimodzi. Nthawi zonse pamapezeka ena a zilema, kafumbi kokanirira mu utoto, kamzere kokandika. Amenewo ndimawapatula n'kuwagulitsa motchipa ngati B grade, ndipo ndimalemba poyera chilema chake.

Ndikunena izi kuti musamaope baji iliyonse yokhala ndi kadontho. Chilema pachokha si umboni wa ubodza. Koma B grade yanga imachokera m'chikombole chomwecho, kutanthauza kuti kumbuyo kwake kuli dzina langa ndi timisomali tonse. Yanuyo ilibe dzina, ndiye ndikuganiza kuti wina anangotengera chithunzi n'kupangitsa chikombole chake.

Mulembereni wojambulayo, mumutumizire zithunzi za mbali zonse. Musachite manyazi, sangakudzudzuleni. Tsiku lomwe wogula wina anandionetsa duwa langa likugulitsidwa ndi munthu amene sindimudziwa, ndinalira, chifukwa ndinalijambula kwa milungu itatu. Koma ndinamuthokoza, popeza ndi zithunzi zakezo ndinakadandaula kwa eni tsambalo ndipo malondawo anachotsedwa.

Mbewe analemba:

Mayi, simunatiuze kuti munalipira njira yanji, ndipo mpamene pagona nkhani ya ndalama zanu. Pa PayPal, tsamba lolipirira pa intaneti, pali njira ziwiri. Ya Goods and Services ili ndi chitetezo cha wogula, ndipo ngati katundu sanafike muli ndi masiku 180 oti mukadandaule. Mungadandaulenso ngati chafika n'chosiyana kwambiri ndi chimene analengeza, koma pamenepo musazengereze. Ya Friends and Family ndi yotumizirana ndalama pachibale, chitetezocho ilibe. Mlendo akakupemphani kuti mudzere kumeneko ati kupewa kudulidwa ndalama, kanani. Ngati munalipira ndi khadi, pitani ku banki yanu msanga ndi zithunzi komanso mauthenga onse.

Mukamagula pa masamba a malonda monga Etsy kapena eBay, zokambirana ndi malipiro zithere pa tsamba lomwelo, musatulukire kumbali. Werengani ndemanga za ogula ena, makamaka zoipazo, ndipo pemphani nambala yolondolera katundu. Tsamba la Kickstarter ndi nkhani ina, kumeneko mukuthandiza kuti baji ipangidwe, simukugula chinthu chimene chilipo kale, ndiye kudikira miyezi si chachilendo.

Nachisale analemba:

Zikomo kwambiri nonse, mwandikhazika mtima pansi. A Mbewe, mwalasa. Ndinatumiza pa Friends and Family chifukwa anandiuza kuti njira inayo ichedwetsa katundu, ndipo ine ndinakhulupirira. Ndalamazo ndaziwerengera kuti zapita, ngakhale ndauza oyang'anira gulu lija ndipo amuchotsa.

A Nangozo, ndinachita monga munanenera. Wojambulayo wandiyankha m'mawa uno mwaulemu kwambiri. Wanditumizira chithunzi cha kumbuyo kwa kadzidzi weniweni: timisomali tiwiri, dzina lake lodindidwa pakati, ndipo ndi hard enamel. Yangayi ndayendetsa chala monga ananenera aJere, mizere yonse ikumveka. Akuti akuganiza zopanganso ena a mtundu wina, ndipo ndalembetsa kuti adzandidziwitse.

Kadzidzi wabodzayu sindimuika pa bolodi pamodzi ndi anzake, komanso sindingamugulitse kwa wina. Ndamuika m'kabokosi, kuti mnzanga amene wangoyamba kusonkhanitsa a maluwa akabwera Loweruka ndidzamuonetse kumbuyo kwake pafupi ndi kwa baji yeniyeni. Funso lina laling'ono aJere: totsekera ta labala ta pa kamsomali ka kumbuyo kwa baji timandivukira pa chikwama, ndipo ndatsala pang'ono kutaya namzeze wanga kawiri. Kodi tachitsulo tokhoma tija timagwira pa kamsomali kalikonse?