Mano a broach akubenthuka pa Inconel 718, ndikulakwitsa pati?

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikudula keyway (kangalande kolowamo kiyi wogwira shaft) m'kati mwa bush (kachitsulo kobowoka pakati ngati paipi) ya Inconel 718, chitsulo cholimba chokhala ndi nickel wambiri. Ndikudulira broach (chodulira chachitali cha mano ambiri ondondozana) ya HSS (high-speed steel, chitsulo chopangira zodulira), pa makina a hydraulic. Pa chitsulo wamba broach yomweyi imangodutsa bwinobwino, koma apa geji ya presha ikumakwera mpaka makina kuyamba kunjenjemera, ndipo mano atatu oyambirira abenthuka kale kunsonga.

Ndikudziwa kuti chitsulo chokhala ndi nickel wambiri chimalimbiratu pomwe chikudulidwa, komanso sichitaya kutentha msanga, moto wonse umatsalira pa dzino. N'chifukwa chake ndinatsitsa liwiro kufika mamita 3 pa mphindi, mafuta n'kumathira osaumira. Chikundizunguza mutu ndi kutalika kwa dzino lililonse poyerekeza ndi lapatsogolo pake: panopa ndi 0.08 mm. Ndikachepetsa, mphamvu yofunika itsika ndithu, komano ndikuopa kuti dzino lizingokhula pamwamba polimba kale m'malo modula. Zinyenyeswa nazo zikumathinana m'mipata ya mano, zopiringizika, mpaka kuzitokosa ndi waya.

Ndinoletse mano kuti rake angle (kupendekeka kwa nkhope ya dzino) ikule, kapena ndipeze broach ya mano otalikirana kuti odula nthawi imodzi achepe? Nanga amene munayesapo broach ya carbide (yolimba kuposa HSS), imapirira kunjenjemera kotereku?