Supu ya nsinjiro ikudukana, ndipo alendo awiri sadya chilichonse chofika pamoto

Tembo, Chipata:
Akuluakulu anzanga a m'khitchini, ndagwira njakata. Pa gesiti hausi imene ndimaphika tilandira alendo 14 Lolemba likubwerali, akhala masiku asanu kenako atsikira ku Mfuwe. Onse sadya nyama, nsomba, mazira, mkaka, bata, ngakhale uchi. Wowatsogolera walemba kuti madzulo aliwonse akufuna supu ya masamba asanadye chakudya chenicheni. Ndiye pali awiri, bambo ndi mayi, amene sadya chinthu chotenthedwa kupitirira madigiri 45. Abwana angoti, "Tembo, wophika ndiwe, uona chochita."

Ndayesa kawiri. Lachitatu ndinaphika ya butternut popanda kirimu ndi makiyubu, inatuluka yozizira m'kamwa ngati madzi otsukira poto. Dzulo ndinathira nsinjiro ndi tomato. Kukoma kunabwera ndithu, koma itangobwata inadukana, mafuta pamwamba, tizibuluma pansi ngati chambiko. Yotsala ndinaisiya mu poto momwemo, magetsi anapita cha m'ma 10 koloko, pofika madzulo inali itasasa, ikuchita thovu. Ndalakwitsa pati? Nanga awiri aja ndiwapatse chiyani masiku asanu onse, saladi ya kabichi?

Amake Dalitso, Kapata:
A Tembo, tandiuzani kaye. Nsinjiro munathira youma kapena munayamba mwaisungunula? Nanga tomato analowa nthawi yanji?

Tembo, Chipata:
Youma amayi, ndinangowaza pamwamba supu ikuwira. Tomato wosaphika ndinamugaya mu bulenda n'kuthira pambuyo pake, ndi kandimu pang'ono kuti ikome.

Amake Dalitso, Kapata:
Apo ndiye pamene panafera nkhani. Mwachita zinthu zitatu zimene nsinjiro imadana nazo nthawi imodzi: kuithira youma, moto waukali, ndi chowawasa chosapsa. Nsawa pafupifupi theka lake ndi mafuta. Mukaithira m'madzi obwata kenako n'kuikhuthulira tomato wamuwisi ndi ndimu, imachita zomwe mkaka umachita ukauthira ndimu.

Ine ndimatere. Tomato ndimamukazinga payekha ndi anyezi mpaka madzi ake aphwe, ayambe kumata pansi pa sefuliya, mtundu usinthe ukhale wofiira moderako. Nsinjiro ndimaisefa kawiri ndi sefa wa ufa woyera, n'kuisungunula m'madzi ozizira ikhale ngati phala la mwana. Pa malita asanu a supu, makapu awiri a nsinjiro akwana. Ndimachepetsa moto, pa mbaula ndimachotsako makala, n'kuthira pang'onopang'ono dzanja lina likutakasa ndi mthiko. Ipse mphindi 20 ikungonyeng'enya, isabwate. Mudzaimva fungo likasintha, lija la nsawa yaiwisi likachoka. Ndimu alowe poto atatsika pamoto, kapena muike pa tebulo aliyense adzifinyire.

Izi si zachilendo ayi. Ndi mmene timatendera nkhwani, kungoti pano madzi achuluka.

Chisomo:
Bwanji osangoponyamo kasoda pang'ono? Agogo anga akamaphika zotendera ankathira chidulo, sizinkadukana.

Amake Dalitso, Kapata:
Mwanawe, soda amapha chowawasa, n'zoona. Koma chidulo chija agogo ankathirira kufewetsa masamba okhwima ndi therere. Mu supu ya mlendo mukangochulukitsa soda pang'ono, akumva sopo m'kamwa, ndipo mavitamini ena amathera momwemo. Mukakazinga bwino tomato, soda safunika.

A Ngoma, Mfuwe:
A Tembo, anthu amenewa ife kuno ku chigwa cha Luangwa timawalandira chaka chilichonse, musachite mantha. Amake Dalitso akonza za kudukana. Ine ndinene za supu yanu ya Lachitatu yosakoma ija, chifukwa vuto lalikulu lili pamenepo. Nsinjiro imapereka thupi, koma ngati madzi a supuyo alibe kanthu, mukhala mukudyetsa anthu phala la nsawa masiku asanu.

Chimene kiyubu ndi mafupa amachita mu supu, bowa wouma amachita. Pano ndi Okutobala, bowa wauwisi kulibe mpaka mvula igwe, koma wouma amapezeka kwa amayi ogulitsa mfutso ku Saturday Market. Gulani kwa munthu amene mumamudziwa, bowa wa mtundu umodzi umene inuyo mumauzindikira, osati wosakanizasakaniza. Manja awiri odzaza, muviike m'madzi ofunda theka la ola. Bowayo muvuule ndi manja, madziwo musataye, koma muwasefe pa kansalu koyera chifukwa mchenga wonse umatsalira pansi. Ndinaphunzira mochititsa manyazi: mlendo wina anandibwezera mbale atamva mchenga kukukuta m'mano.

Kenako anyezi. Musasende. Dulani pakati anayi kapena asanu, muwagoneke pa waya pa mbaula mpaka nkhope yodulayo ide bii, ngati yapserera. Karoti chimodzimodzi. Ponyani zonse mu poto wamkulu pamodzi ndi bowa, madzi ake aja, mitu iwiri ya adyo, kachidutswa ka jinja, mapesi a selari ngati mwapeza, ndi malita 8 a madzi. Ola limodzi pa moto wochepa, n'kusefa. Msuzi wake umatuluka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo ukaulawa ndi kamchere umayamba kukayika ngati simunagwe fupa. Kabichi ndi repu musaikemo, zimawawitsa zikakhalitsa pamoto.

Msuzi umenewo ndiwo maziko. Supu ya tsiku lililonse mumamangira pamenepo, ndipo si yonse yofuna nsinjiro. Butternut muyambe mwamuwotcha mu uvuni kapena m'phulusa lamoto, osati kumuwiritsa, shuga wake atuluke. Kachewere mmodzi kapena mbatata yoyera yogayira limodzi imapereka kusalala kumene mumafuna kwa kirimu. Tsiku lina khobwe ndi tomato, theka mugaye theka musiye lathunthu. Tsiku lina bonongwe wotendera wogaya, koma masambawo alowe kumapeto, mphindi zitatu basi, kuti isade ngati ndowe.

Mwale:
Koma abale tikuvutikiranji? Kiyubu imodzi ya nkhuku m'malita 8, ndani angadziwe? Azunguwa lilime lawo silifika pamenepo.

A Ngoma, Mfuwe:
A Mwale, ayi. Choyamba, amadziwa. Munthu amene watha zaka khumi osalawa nyama amaimva ngati mmene inu mungamvere palafini mu nsima. Chachiwiri, wena pagululo angakhale akupewa mkaka kapena mazira chifukwa thupi lake limadana nazo, ndipo makiyubu ena ndi supu za m'mapaketi muli mafuta a nyama kapena ufa wa mkaka. Akatupa pakhosi ali pa msewu wa ku Mfuwe, makilomita opitirira 100 kuchoka ku Chipata, adzafunsa amene anaphika. A Tembo, werengani kuseri kwa paketi iliyonse, ngakhale majarini ndi tizokometsera tobwera ndi nyama ya soya. Ndipo popeza tikudalira nsinjiro, funsani lero lomwe ngati palibe amene nsawa zimamudwalitsa.

Mwale:
Ndamva akulu. Ndimangocheza.

Tembo, Chipata:
Zikomo kwambiri. Ndafunsa, wodana ndi nsawa palibe. Nanga za kusasa? Magetsi kuno sitingawadalire, ndipo furiji yathu ndi imodzi.

NaPhiri, Katete:
Achimwene, poto wa malita asanu mukamusiya wovundikira, pakati pake pamakhala pofunda mpaka madzulo, ndipo kufunda kumeneko, pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndi kumene tizilombo timaswana. Kutentha kwa mwezi uno ndiye kumangothira mafuta pamoto. Chakudya chansinjiro chimasasa msanga kuposa china chilichonse, funsani aliyense amene anaphikapo pa maliro. Ife pa Kulamba ku Mkaika timaphikira anthu ambirimbiri, ndipo zotendera timaziika pamoto pomalizira penipeni.

Ndiye musasakanize zonse m'mawa. Msuzi wa a Ngoma uja, wopanda nsinjiro, muphike kamodzi pa masiku awiri. Ukapsa muugawe m'mabeseni osaya, muwakhazike m'madzi ozizira, pasanathe maola awiri ukhale uli mu furiji. Mabotolo a madzi muwaumitse magetsi akakhalapo, akazima muwaike pambali pa msuziwo ndipo chitseko chisamatsegulidwe chisawawa. Wa tsikulo muuwiritse mpaka ubwate, nsinjiro ilowe kutatsala ola limodzi kuti alendo akhale pa tebulo. Yotsala adye antchito usiku womwewo. Isagone.

Chisomo:
Za awiri osadya zophika aja, chinangwa bwanji? Ife timatafuna chachiwisi pa msewu. Ndiye nyemba zoviika zomera timizu, ndinaona pa YouTube.

NaPhiri, Katete:
Iwe Chisomo, usaphetse mnzako ntchito. Chimene timatafuna ndi chinangwa chozizira, kachidutswa kamodzi. Chowawa chili ndi poizoni wa cyanide, n'chifukwa chake amachiviika masiku angapo ndi kuchiyanika, ndipo chigwada timasinja n'kuwiritsa nthawi yaitali. Tembo sangasiyanitse mitundu pa mulu wa pamsika. Nyemba zaziwisi, makamaka zofiira zija, zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba ngakhale zitakhala zochepa, zimafuna kubwata kwenikweni mphindi zosachepera 10 ndi kupsa bwino. Soya wamuwisi ayi. Kachewere wamuwisi ayi. Bowa wakutchire ayi, angakhale wouma. Chimene amayi athu sankatipatsa chachiwisi, panali chifukwa.

Chinanso, masamba a kudimba ambiri amathiriridwa madzi a m'zithaphwi. Kolera ya 2024 tonse tikuikumbukira. Chilichonse chopita kwa awiriwo chitsukidwe ndi madzi othira klorini monga mwa malangizo a pa botolo, chotheka kusenda chisendedwe, ndipo thabwa ndi mpeni zikhale zawozawo, zosakhudza nkhuku ya alendo ena.

A Ngoma, Mfuwe:
NaPhiri anena zoletsa, ine ndinene zololedwa, chifukwa n'zambiri kuposa mmene mukuganizira. Mavwende adzaza pamsika mwezi uno. Vwende, tomato wakupsa kwambiri, nkhaka yosenda, tsabola wobiriwira, kambewu kamodzi ka adyo, mchere, mugaye, muziziritse. Imeneyo ndi supu yozizira, ndipo m'kutentha kuno ena 12 aja adzayamba kuisirira. M'malo mwa viniga, supuni ya ufa wa malambe. Malambe amauma okha mu mtengo, sanaone moto, ndipo alendo amakonda kumva kuti achokera mu mlambe umene akauone ku Luangwa. Bwemba woviika nayenso amagwira ntchito yomweyo.

Kirimu wawo ndi mapeyala mukawapeza, apo ayi mkaka wa nsawa zaziwisi kapena nthanga za maungu: kuviika, kugaya ndi madzi, kufinya pa nsalu. Koma chenjerani ndi zinthu zooneka ngati zaziwisi pamene zinapita pamoto. Chiponde cha m'botolo n'cha nsawa zokazinga. Mfutso wambiri amayamba aufutsa m'madzi otentha asanayanike. Mafuta a m'sitolo amayengedwa ndi moto, ndiye funsani awiriwo ngati alola a mpendadzuwa ofinya kumudzi aja, kapena mungosiya mafuta.

Amake Dalitso, Kapata:
Pa nsawa ndiwonjezere. Musagule nsinjiro yosinjasinja ya m'timapepala, simudziwa zimene anasinja. Ambiri amasinja zotsalira posankha, zofwapa ndi zachuku, ndipo chuku chimenecho ndicho chimabweretsa aflatoxin, poizoni amene saphedwa ndi kuphika. Gulani nsawa ya Chalimbana yathunthu, mukhale pansi ndi lichero, muchotse yofwapa, yosweka, yakuda ndi yobooka. Musinje nokha. Mu bulenda muzigaya pang'onopang'ono mukupumira, mukapitiriza ikhala chiponde. Zoviika za awiri aja zikhale mu furiji, kunja zisasa usiku umodzi.

Ndipo a Tembo, chikanda mwachiiwala? Mulibe nyama ngakhale pang'ono, ndi tichinaka, nsawa, soda, mchere ndi tsabola. Kwa 12 aja dulani tizidutswa muike pambali pa supu. Muwauze kaye kuti si polony, ena amabweza poganiza kuti mwawanamiza.

Tembo, Chipata:
Ndabwera kudzapereka lipoti, alendo anyamuka m'mawa uno. Msuzi wa bowa ndi anyezi wowotcha unagwira ntchito, ndinauphika katatu. Ya nsinjiro sinadukanenso. Ndinaona kuti ngakhale itayamba kuonetsa timafuta m'mbali, ndikaitsitsa pamoto n'kuthira kapu ya msuzi wozizira ndikutakasa, imabwerera. Imene inatha msanga ndi ya butternut wowotcha m'phulusa, mpaka wowatsogolera analowa m'khitchini kudzaona ngati sindinabise kirimu. Ndinamuonetsa kachewere.

Zolakwika zinalipo. Ya bonongwe ndinaigaya msanga n'kuisiya pa mbaula podikira alendo amene anachedwa ku Kanjala Hill, inada, theka inabwerera. Lachitatu magetsi anapita ndisanagaye ya vwende, ndinasinja mu mtondo n'kusefa. Mtondowo ndi umene timasinjira tsabola, ndiye bambo uja anakhosomola mpaka misozi, koma mbale anamaliza. Mkaka wa nsawa zaziwisi mayi uja anati ukununkha nyemba, wa nthanga za maungu ndiwo anaukonda.

Chikanda anadya mbale ziwiri, mmodzi anakana kudya mpaka mapeto, akuti ndi nyama.

A Ngoma, akubwera kwanuko, afika masana. Awiri aja amadya kwambiri kuposa mmene thupi lawo likuonekera, vwende limodzi pa tsiku silikwana. Ufa wa malambe wotsala ndapatsira dalaivala wawo, mumufunse asanauiwale m'galimoto.

A Ngoma, Mfuwe:
Sali kwathu, ali ku loji ya kutsidya, koma wophika wake ndi mphwanga, ndamuimbira kale. Bowa munagula kwa mayi uti? Wanga watha, ndituma mnyamata Loweruka.