Manambala a ma oda akusowa pa sikirini

Bambo a Tadala, Bellville: Mwaswera bwanji nonse. Akatswiri a kompyuta ndithandizeni. Pashopu pomwe ndimagwira timagulitsa nsomba ndi tchipisi, ndipo Lachisanu madzulo anthu amadzaza mpaka pakhomo. Ine ndimakuwa manambala a ma oda mpaka mawu kusasa. Abwana anali ndi laputopu yakale ya Windows 10 yongodya fumbi, ndiye ndinaipempha, ndailumikiza ku TV yapakhoma, ndalemba kapulogalamu mu C koti kazionetsa manambala a anthu omwe chakudya chawo chapsa. Monga 41, 42, 45 kutsika m'munsi. Akutuluka ndithu. Koma ndikangotsitsa windo n'kuibwezanso, onse apita, pangotsala poyera mbee.

Mlonda wa ku Randburg: Kkkk achimwene, mwayamba liti za mapulogalamu? Ine ndimakudziwani pa mafuta okazingira basi.

Bambo a Tadala: Usiku ndikaweruka, aise. Chaka chino chokha.

Amalume a ku Leicester: Bambo a Tadala, tumizani pomwe mwalemba TextOut, lamulo lolembera mawu pa windo lija. Ndikuganiza kuti ndadziwa kale, koma ndione kaye.

Bambo a Tadala: Ili pomwe ndimalandira batani, amalume. Munthu akadina Enter ndimatenga GetDC, ndikulemba nambala ndi TextOut, kenako ReleaseDC.

Amalume a ku Leicester: Ndi pomwepo. Windo ya Windows sisunga zomwe mwalembapo. Zili ngati bolodi ya m'kalasi: aphunzitsi alemba masamu, wina wabwera wafufuta, ndipo ngati sanakopere m'kope ndiye kuti zapita. Mukatsitsa windo n'kuibweza, kapena kuikulitsa, Windows imapukuta kenako imakutumizirani uthenga wa WM_PAINT, kutanthauza kuti "lembaninso zanu zija". Inu pamenepo simunaikepo kalikonse, ndiye ikungosiya poyera.

Chitani chonchi. Manambala azikhala mu array, ndilo kope lanu. Pa batani musalembe kanthu pa windo, ingowonjezerani nambala mu array n'kuitana InvalidateRect, yomwe imauza Windows kuti windo ikufunika kulembedwanso. Kulemba konse kuchitikire mu WM_PAINT, pakati pa BeginPaint ndi EndPaint:

int y = 20;
for (int i = 0; i < angati; i++) {
 int n = wsprintf(buf, TEXT("%d"), oda[i]);
 TextOut(hdc, 20, y, buf, n);
 y += mpata;
}

Onani kuti TextOut sidziwa nambala, imadziwa zilembo zokha. Ndiye chifukwa chake 42 ayambe wasanduka mawu ndi wsprintf. Ubwino wake wsprintf imabweza kuchuluka kwa zilembo zomwe yalemba, ndipo TextOut imafuna chiwerengero chomwecho kumapeto.

Bambo a Tadala: Nanga y akukula koma manambala akutsika? Kusukulu tinaphunzira kuti y amakwera.

Amalume a ku Leicester: Pa sikirini 0,0 ali pakona yakumtunda kumanzere. x amapita kumanja, y amatsika. Masamu a Fomu 2 aja muwaiwale kaye apa.

Mayi a Upile, Dublin: Ndilowererepo pang'ono ndisanalowe shifiti. Mpata wa mizere musaungoganizira m'mutu. Ine ndinaika 20 poyamba chifukwa pa laputopu zimaoneka bwino, tsiku lomwe ndinakulitsa zilembo manambala anakwerana ngati thumba la matemba. Funsani GetTextMetrics, muphatikize tmHeight ndi tmExternalLeading, ndiwo mpata wanu. Mukasintha font uzisintha wokha. China, y uja akhale mkati mwa WM_PAINT monga alembera amalume, aziyambira pa 20 nthawi zonse. Mukamuika panja manambala azingotsika mpaka kutuluka pansi pa TV.

Mlonda wa ku Randburg: Ine funso langa, bwanji osangolemba manambala onse pamodzi n'kuika \n pakati? Ndinayesa zija sizinadumphe mzere.

Mayi a Upile: TextOut salabadira \n, achimwene. Amene amadula mizere ndi DrawText, mumamupatsa RECT, kabokosi ka ngodya zinayi, n'kulemba m'katimo. Koma pa ntchito ya bambo a Tadala ndibwino nambala iliyonse payokha, mwina mawa adzafuna yatsopano ikhale yofiira.

Kamnyamata ka ku Pretoria: Madala, pepani, koma mukuvutikiranji ndi C mu zaka zino? Python ndi tkinter ndi mizere khumi basi. Canvas yake imasunga yokha zomwe mwalemba ndi create_text, mukatsitsa windo sizisowa. Chongosamala n'choti imaika mawu pakatikati pa x ndi y mwapereka, ndiye mumawonjezera anchor="nw" kuti ayambire pakona.

Amalume a ku Leicester: Sukunama mphwanga, Canvas imasungadi. Koma munthu wafika kale pakati pa mtsinje, usamuuze kuti abwerere akatenge bwato lina. Zomwe akuphunzira apazi adzazipezanso mu Java, komwe ndi paintComponent ndi drawString, nkhani yake yomweyi. Kusiyana kwake kumeneko y ndi mzere womwe zilembo zimakhalira, osati pamwamba pake, ndiye ukalemba pa y = 0 suona kanthu. Amalize iyi kaye.

Kamnyamata ka ku Pretoria: Ndamva amalume. Ndangodutsa.

Bambo a Tadala: Zatheka!! Ndatsitsa, ndabweza, ndakoka m'mbali, manambala ali pomwepo. Zikomo kwambiri nonse. Mawa ndiyesa pamaso pa makasitomala.

Bambo a Tadala: Abale, dzulo ndinachita manyazi. Zinayenda bwino mpaka tinadutsa oda 100. Pa TV panali 101 pamwamba, 98 pansi pake, chifukwa wa 98 anaitanitsa zambiri ndiye zinachedwa. Wa 101 atatenga zake ndinachotsa nambala yake. Ndikuyang'ana pa TV, pamwamba palembedwa 981, pansi 98 akadalipo. Mayi wina anafunsa ngati tagulitsadi ma oda pafupifupi 1,000 tsiku limodzi. Abwana anangondiyang'ana osayankhula.

Mlonda wa ku Randburg: Kkkkk bizinesi yakula usiku umodzi. Pemphani akukwezereni malipiro.

Mayi a Upile: Musadandaule, aliyense anadutsamo. Taonani InvalidateRect wanu, mawu omaliza mwaika FALSE eti?

Bambo a Tadala: Eya, ndinakopera choncho.

Mayi a Upile: FALSE akutanthauza kuti osapukuta. Ndiye 98 anakwera n'kukhala pamwamba pa 101, anaphimba 1 ndi 0, koma 1 womaliza anatsala akusuzumira. Mzere wachiwiri palibe anaulembanso, choncho 98 wakale anangokhala. Ikani TRUE, windo izipukutidwa musanalembe. Ndiponso mu wsprintf mutha kulemba %03d, kuti 98 azituluka 098, onse akhale a zilembo zitatu. Pa TV zimaoneka zaudongo, ngati kubanki.

Amalume a ku Leicester: Kapena ngati simufuna ziro kutsogolo, SetTextAlign ndi TA_RIGHT, manambala afole kumanja monga timalembera powonkhetsa. Ine ndimakonda imeneyi, chifukwa agogo ena akaona 098 pomwe risiti yawo yalembedwa 98 amakhalabe pansi kudikira. Ndinaziona ndi maso.

Koma pali msampha wina womwe ndikufuna ndikuchenjezeni usanakugwireni, chifukwa uwu suoneka tsiku loyamba. Zilembo zazikulu zija mwapanga ndi CreateFont?

Bambo a Tadala: Eya amalume, Arial wamkulu kuti wapakhomo aziona.

Amalume a ku Leicester: Mwaiika pati?

Bambo a Tadala: Mu WM_PAINT momwemo, pamwamba pa for.

Amalume a ku Leicester: Ndipo DeleteObject palibe, ndikudziwa. Nthawi iliyonse windo ikalembedwanso mukupanga font yatsopano, yakale osaitaya. Windows imalola pulogalamu imodzi kusunga zinthu za GDI, zojambulira monga font, zokwana 10,000 basi. Zikakwana, CreateFont imakana, zilembo zimabwerera kukhala ting'onoting'ono kapena windo imasokonekera. Ine zinandichitikira pa kapulogalamu kowerengera mabokosi kuweyahausi komwe ndinkagwira. Kanali ndi wotchi yolembanso windo sekondi iliyonse, ndiye pasanathe maola atatu kankafa. Ndinatha sabata ndikunamizira kompyuta. Inu poti mumalembanso pokhapokha oda ikasintha zingatenge masiku, koma ngati simuzimitsa laputopu lidzafika tsiku lake, ndipo lidzakhala Lachisanu.

Pangani font kamodzi mu WM_CREATE, uthenga wobwera windo ikamapangidwa, muisunge, mu WM_PAINT muzingoisankha ndi SelectObject n'kubwezera yakale mukamaliza, ndipo muitaye mu WM_DESTROY, windo ikamatsekedwa. Mukafuna kuona ndi maso anu, tsegulani Task Manager, pa Details, dinani kumanja pamitu ya mizati muwonjezere GDI objects. Nambalayo ikamangokwera ndiye kuti chidebe chikudontha.

Bambo a Tadala: Ndayang'ana. Ili pa 340 ndipo ikukwera ndikadina Enter. Amalume ndinu mfiti.

Mlonda wa ku Randburg: Poti tili pompano, ine yanga ikutulutsa zilembo ngati za Chitchaina m'malo mwa manambala. Ndalodzedwa?

Mayi a Upile: Mwasakaniza mitundu. Buf wanu ndi char ndipo mwalemba ndi sprintf, koma Visual Studio ikuitana TextOutW yomwe imawerenga mabayiti awiriawiri pa chilembo chimodzi. Ndiye 4 ndi 2 akuphatikizana kukhala chilembo chimodzi chachilendo. Kompaila inakuchenjezani, inu munaitseka pakamwa ndi cast, kuikakamiza kuti itenge mtundu wina ngati womwe ikufuna, sichoncho? Chotsani cast, buf akhale TCHAR ndi wsprintf monga alembera amalume pamwambapa, kapena itanani TextOutA mwachindunji.

Mlonda wa ku Randburg: Cast ndinaikadi. Ndimaona ngati ikungolongolola.

Kamnyamata ka ku Pretoria: Bambo a Tadala, musaiwale magetsi. Batire la laputopu yakale silikhulupirika, akazima array yonse yapita. Muzilemba manambala mu kafayilo nthawi iliyonse asintha, pulogalamu ikatseguka iziwerenga.

Bambo a Tadala: Batire linafa kalekale, imayendera chingwe. Ndichita zimenezo Lamlungu. Font ndasamutsa, GDI yaima pa 31 sikusuntha. Tsopano abwana akuti ndiikemo kabelu kolira nambala ikatuluka, ndipo akufunsa ngati ingathenso kuonetsa mitengo ya nsomba ya hake.

Mayi a Upile: Kabelu ndi MessageBeep, mzere umodzi. Za mitengozo muyambe mwakambirana za ndalama.