Sikirini imodzi sibwerera jenereta ikayaka, ndithandizeni

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Ine ntchito yanga ndi yoika masikirini otsatsira malonda, ndipo sabata yatha ndinapachika anayi mu lesitilanti ina ku Limbe, oonetsa zakudya ndi mitengo yake. Onse amalandira chithunzi kuchokera ku media player imodzi kudzera pa HDMI splitter (kachipangizo kogawa chithunzi chimodzi ku masikirini angapo).

Magetsi akakhalapo palibe chovuta. Koma akathima n'kuyatsa jenereta, atatu amabwerera okha, pomwe yakutali ija, ya chingwe cha mamita 20, imangolemba "No Signal" mpaka wina azule chingwe n'kuchilumikizanso. Eni malo andiimbira kale katatu, ndipo ndikuwamvetsa, chifukwa kasitomala sangasankhe chakudya pa sikirini yakuda.

Ndikudziwa kuti chingwe wamba cha HDMI chikapitirira mamita 15 chimayamba kuvuta, n'chifukwa chake ndikuganiza zoika extender ya HDBaseT (chipangizo chotumiza chithunzi patali kudzera pa chingwe cha netiweki cha Cat6). Komabe mtima ukundiuza kuti mwina ndi nkhani ya EDID (uthenga umene sikirini imatumiza wonena mtundu wa chithunzi chimene imatha kuonetsa), kuti splitter ikuyaka sikiriniyo isanadzuke.

Inu amene munakumanapo nazo, kodi UPS yaing'ono (batire yopereka magetsi kwa kanthawi akathima) pa player ndi splitter pokha ingathetse zimenezi? Sindikufuna kuwaonongetsa ndalama pa chipangizo chimene sichithandiza.